Kodi Kutaya N'kuiwala?

Kuseri kwa nyumba yathu, cha m'mbali mwa msewu wochoka ku Salima kulowera kunyanja ku Senga Bay, kuli galaja ya njerwa zootcha imene agogo aamuna anamanga atabwerako ku migodi ya ku Joni. Anaimangira galimoto, koma galimotoyo sinakhalemo zaka zambiri. Itagulitsidwa, m'galajamo munayamba kulowa zinthu zina, lero tayala, mawa khoka long'ambika, mkuja mpando wothyoka mwendo, kufikira chitseko chinaleka kutseguka chonse. Ife tinakula tikudziwa kuti mmenemo simulowa munthu. Munkalowa makoswe, mileme ndi mavu, ndipo tsiku lina munatuluka njoka imene inasonkhanitsa mudzi wonse. Agogowo atamwalira, kiyi anakhala m'kathumba ka agogo aakazi, ndipo kwa zaka 15 panalibe amene anapempha kiyiyo.

Amene anatikumbutsa za galajayo ndi ana. Pabanja pathu pali anyamata ndi atsikana apasukulu asanu ndi atatu, kuphatikiza ana a mlongo wanga ndi a asuweni athu. Nyumba yaikulu ili ndi zipinda zitatu zokha, ndipo pabalaza ndi pomwe pamagona alendo. Dzuwa likapendeka anyamatawo ankatsikira kudoko, n'kukhala kumeneko mpaka usiku pakati pa asodzi oyembekeza kulowa panyanja, ogula usipa ndi ogulitsa kachasu. Sindikunyoza doko, pakuti ndiko kumachokera ndiwo ndi fizi yomwe. Koma mwana wa Fomu 2 alibe chochita kumeneko 9 koloko ya usiku. Mlongo wanga ndiye anayamba kulankhula. Iye anati chipinda chachikulu chili apocho, chofolera ndi malata, chasimenti pansi, chikusunga makoswe pamene ana akusowa pokhala. Bwanji osachikonza kuti azichezeramo, aziwerengeramo, azisewereramo bawo?

Mawuwa anali anzeru, koma atafika m'makutu mwa agogo aakazi anamveka ngati mwano. "Mukufuna kuwataya kachiwiri agogo anu?" anafunsa. "Tinawataya kumanda, tsopano mukawataye kudzala?" Amalume, amene ndiwo mwinimbumba, sanakane ndiponso sanavomere. Anangoti nkhani yotere imafuna kukhala pansi.

Funso la agogo lija ndilo landichititsa kulemba nkhani ino, pakuti silikhudza banja lathu lokha. Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi ngodya yake, kaya ndi kunsi kwa bedi, kaya ndi kachipinda kakuseri, kumene kuli zinthu zimene sitizigwiritsa ntchito komanso sitifuna kuzitaya. Kodi tili nazo mangawa anji zinthu zimenezi? Ndipo pamene katundu wa malemu akulimbirana malo ndi ana amoyo, woyenera kupatuka ndani?

Tiyambe ndi kuwamvetsa osunga, chifukwa n'chapafupi kuwaseka. Kusunga si uchitsiru. Munthu amene anakula akuwongola msomali wopindika ndi nyundo kuti augwiritsenso ntchito amadziwa zimene mwana wa masiku ano sadziwa, zoti chinthu chimene ukuchiyesa chinyalala lero ukhoza kudzachisowa mawa, ndalama ulibe. Kunyanja kuno palibe chingwe chopanda ntchito. Khoka likatha limatchinga dimba kuti nkhuku ndi mbuzi zisalowe. Tayala lakutha limasanduka nkhwayira kapena mphira womangira katundu panjinga, ndipo chitini chamafuta chimasanduka koloboyi. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo za injini za mabwato inakwera, ndipo msodzi amene anali ndi injini yakufa kuseri kwa nyumba anapeza kuti ali ndi sitolo yakeyake. Tikamanena za kutaya, tisamalankhule ngati anthu olemera.

Komabe nzeru imeneyi ili ndi malire ake. Chinthu chimene uli nacho koma sudziwa pamene chili, n'chimodzimodzi ulibe. Pa zaka 15 zija panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatengamo kanthu m'galaja muja. Amalume anagula masipanala atsopano kawiri konse, pamene bokosi lathunthu la masipanala linali kudyedwa ndi dzimbiri mikono isanu kuchokera pamene ankakonzera njinga yawo. Choncho sindikhulupirira kuti galaja yathu inatsekedwa chifukwa cha umphawi kapena kusamala. Inatsekedwa chifukwa cha chikondi chosakanizika ndi mantha, mantha akuti tikagwira katunduyo tikhala ngati tavomereza kuti mwiniwake sadzabweranso, ndi kuti tikataya chipewa chake tataya ndi nkhope yake yomwe.

Anthu ambiri amayesa kuti mantha amenewa ndi mwambo wa makolo. Koma tikayang'anitsitsa, makolo athu Achewa sankachita chotere. M'midzi yambiri munthu wamkulu akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa, ndipo katundu wake, yemwe sanali wochuluka, ankagawidwa kwa abale mwambo wa maliro ukatha. Khasu linkapita kukalima kwa wina, mkondo kwa wina. Kodi tinene kuti anthu amenewa sankakonda akufa awo? Iyayi. Ankawakumbukira koposa ife, koma chikumbutsocho sankachiika m'katundu. Ankachiika m'dzina lopatsidwa kwa mdzukulu, m'mowa wa bona umene unkasonkhanitsa mbumba yonse, ndi m'nkhani zokambidwa pamoto madzulo. Malemu ankakhala pakati pa anthu, m'kamwa mwawo ndi m'makhalidwe awo.

Palinso china chimene chinasintha, ndipo ndimaona kuti sitichiganizira mokwanira. Katundu wa makolo ankafa yekha. Mphasa inkatha, lichero linkafumbwa, mbiya inkasweka n'kubwerera kudothi, bwato la mtengo linkaola pamchenga, nyumba yomata inkagwa ndi mvula pamalopo n'kumera maungu. Chiswe ndi chinyezi zinkagwira ntchito yosesa, ndipo munthu sankafunika kugamula mlandu wa chinthu chilichonse. Koma chitsulo, galasi, nayiloni ndi pulasitiki sizidziwa kufa. Zimakhalabe mwini wake atapita, zikutiyang'ana, kudikira kuti wina anene mawu. Ife ndife mbadwo umene walandira katundu wosaola popanda kulandira mwambo wotiuza chochita naye. N'chifukwa chake timangotseka chitseko ndi kuika kiyi m'kathumba. Tikatero timaoneka ngati tapereka ulemu, pamene kwenikweni tangozengereza mlandu.

Taonaninso mbali ya anawo. Kale mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo n'kukagona kumphala ndi anzake, atsikananso anali ndi gowelo lawo. Mudzi unkadziwa kuti achinyamata amafuna malo awoawo, oyandikira kuti akulu azimva phokoso lawo, otalikira pang'ono kuti azimasuka. Lero malo okhala apanikizika, makamaka m'mphepete mwa nyanja muno mmene mapuloti ambiri anagulidwa ndi omanga nyumba zogona alendo, ndipo mphala yatha m'mabanja ochuluka. Koma chimene chinkamangitsa mphala sichinathe. Mwana akasowa pokhala pakhomo amakapeza pena, ndipo kumeneko aphunzitsi ake sitiwasankha ndife. Tsono pamene agogo ankateteza ulemu wa amuna awo, mlongo wanga ankateteza ana ake. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo milandu yovuta kwambiri ndi yomwe mbali zonse zili zokhoza.

Amalume anagamula patapita milungu itatu. Anati galaja itsegulidwe, koma pasatayidwe kanthu ngakhale kamodzi kasanadutse pamaso pa mayi awo. Ine ndinaona ngati njira yochedwetsa ntchito, ndipo ndinang'ung'udza chamumtima. Ndinalakwa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Tinasankha Loweruka lina m'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, nyanja itakalipa kotero kuti anyamata analibe chowakokera kudoko. Agogo tinawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango, atafunda chitenje chachiwiri chifukwa cha mphepo. Loko anakana kiyi wake yemwe, mpaka tinachita kumuthyola. Fumbi litachepa, zinthu zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, mwana aliyense akunyamula chake n'kukagwada nacho pamaso pa agogo.

Choyamba chimene tinaphunzira chinatiseketsa tonse, ndi agogo omwe. Theka la katundu amene tinkamuopa zaka zonsezi sanali wa malemu n'komwe. Munali mafelemu a mawindo amene mnansi wina anasungitsa asanasamukire ku Nkhotakota, matumba asimenti atatu amene anauma n'kusanduka miyala, mabotolo osawerengeka, ndi chitofu chamafuta chimene panalibe wochizindikira. Agogo ankayang'ana chinthu, n'kufunsa kuti, "Chimenechi n'cha yani?" Tikasowa yankho ankagwedeza dzanja: "Chichotseni apa." Ndinazindikira pamenepo kuti malo opatulika akakhala osayang'anidwa amasanduka dzala, chifukwa aliyense amene ali ndi chinthu chosowa pochiika amakachibisa kumene akudziwa kuti palibe adzafunse. Ulemu wathu unkalondera zinyalala za anthu ena.

Koma zina zikatuluka, agogo ankakhala chete kaye. Inatuluka wailesi ya Nzeru, ija inkapangidwa m'dziko momwe muno, ndipo anatiuza mmene anthu a mbali yonse ino ankasonkhanira pakhonde kudzamvera nkhani za madzulo. Zinatuluka nyale zinayi za Tilley zimene malemu ankayatsa panyanja usiku pokopa usipa kuti ulowe m'chilimila. Anatuluka malisiti a thonje a ku ADMARC, omangidwa ndi ulusi, a zaka zimene thonje linali ndalama ya Salima. Inatuluka nambala ya galimoto ija, ndipo tinamva kwa nthawi yoyamba kuti inali Datsun imene ankanyamulira nsomba kupita nazo ku Lilongwe likulu la dziko litangosamukira kumeneko mu 1975, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 umene ankaunyamuka tambala woyamba asanalire kuti nsomba zikafike zisanafewe. Ana amene sanawaonepo agogo awo aamuna anasiya kunyamula katundu, nakhala pansi pafumbi kumvetsera. Ndikunena mosakayika kuti pa tsiku limodzi limenelo tinamva zambiri za malemu kuposa zimene tinamva pa zaka 15 za chitseko chotseka.

Apa ndi pamene ndinapeza yankho langa pa funso la agogo. Chinthu sichikumbukira munthu. Wailesi sidziwa amene anaigula, ndipo nyale sidziwa dzanja limene linkaipopa. Chimene chinthu chingathe n'kudzutsa nkhani mwa munthu amene akuchiona, ndipo sichingachite zimenezi chili mumdima. Kuiwala kumene agogo ankakuopa kunali kutayamba kale, mwakachetechete, kuseri kwa loko. Akanamwalira iwo galajayo isanatsegulidwe, nyale zija zikanakhala zitsulo chabe, pakuti mwini nkhani akanapita nazo nkhanizo.

Koma ndisafulumire kupereka chipambano kwa ife ofuna kusesa, chifukwa tsiku lomwelo tinatsala pang'ono kuchita cholakwa chachikulu. Pakona panali bokosi lachitsulo, la mtundu umene amuna ankabwera nawo kuchokera ku Joni. Munali chipewa cholimba cha mumgodi, ndalama zakale za mapeni ndi masheleni zimene zinaleka kugwira ntchito kwacha itabwera mu 1971, makadi a chipani a nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndi mpukutu wa mapepala achikasu odyedwa m'mbali. Mwana wa mlongo wanga anali atayatsa kale moto wa zinyalala, ndipo poona kuti mapepalawo ngonyansa anawatenga osadutsa nawo pansi pa mango. Amalume anamuona ali pafupi ndi moto.

"Mphwanga, ima pomwepo! Wanyamula chiyani?"

"Ndi zimapepala zakutha, amalume."

"Bwera nazo kuno. Chakutha amanena ndi mwini wake."

Anali mapepala a ntchito ya malemu: chiphaso chawo, nambala yawo ya kumgodi, ndi zikalata zosonyeza migodi imene anagwirako ndi zaka zake. Agogo anali mmodzi mwa Amalawi zikwizikwi amene ankapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku WENELA. Ulendowu unaduka mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Kulembako kunayambanso pambuyo pake pansi pa TEBA kufikira 1988. Ambiri mwa amunawa anabwera ndi mabokosi, njinga ndi mawailesi, komanso anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni za marandi ngati chipukutamisozi kwa ogwira ntchito amene anadwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, kwa eni ake kapena kwa amasiye awo. Pa nkhani zotere chinthu choyamba chimene munthu amafunsidwa ndi umboni woti anagwiradi ntchito kumgodi. Agogo athu anatsokomola zaka zambiri asanamwalire. Mapepala amene mnyamata anawatcha akutha ndiwo anali chinthu chofunika koposa m'galaja monse, ndipo anapulumuka ndi masitepe atatu okha.

Sindimuimba mlandu mwanayo. Anaweruza ndi maso, monga tonse timachitira: choyera n'chabwino, chakuda n'chotaya. Koma mtengo wa chinthu sulembedwa pankhope pake. Njinga ya Humber imene inkaoneka yaulemu inali itadyeka mkati moti sikanakonzeka, pamene mpukutu wonyansa unali mbiri ya moyo wa munthu. Wachinyamata ali ndi mphamvu ndi changu chosesera, koma sadziwa chimene akusesa. Wachikulire amadziwa, koma mtima sumulola kuyamba. Aliyense payekha akanaononga: wina akanatentha zonse, wina akanasiyira chiswe zonse. Lamulo la amalume lija, loti chinthu chidutse pansi pa mango, linakakamiza mibadwo iwiri kugwira ntchito imodzi.

Ku Greece wakale kunali munthu wanzeru dzina lake Diogenes, amene ankanyoza chuma mpaka kumagona mumtsuko waukulu. Amati tsiku lina ataona mnyamata akumwa madzi ndi manja, anataya chikho chake, poona kuti nachonso chinali katundu wosafunika. Nkhaniyi imakoma kuimva, ndipo aphunzitsi amaikonda. Koma Diogenes ankataya chikho chake chomwe, chimene anali nacho ufulu wonse. Analibe agogo osunga kiyi, analibenso adzukulu odzafunsa kuti chikhocho chinapita kuti. Kutaya chako n'kosavuta. Chovuta n'kugamula za chinthu chimene mwini wake sangathenso kudziyankhira, ndipo pamenepo kupepuka mtima kwa Diogenes sikutithandiza kwenikweni.

Chitsanzo chimene chimandithandiza ine chili pafupi, m'boma lathu lomwe lino. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, muli lamulo limene lakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950, loti nyengo ya mvula ikafika asodzi onse achokepo ndi zipangizo zawo, ndipo pasaponyedwe khoka kufikira mfumu itatsegulanso miyezi ingapo pambuyo pake. Munthu wosadziwa akhoza kudandaula kuti malo abwino chotere akungokhala opanda kanthu. Koma asodzi amadziwa kuti miyezi yopanda munthu ija ndiyo imadzaza mabwato ndi utaka chilumba chikatsegulidwa. Malo opanda kanthu amabala. Ife timaopa chipinda chopanda katundu ngati chizindikiro cha usiwa, ndipo mlendo akamabwera timafuna aone kuti tili ndi zinthu. Koma chipinda chodzaza sichilandira mlendo. Agogo aamuna sanamange galaja chifukwa chokonda njerwa. Anafuna mpata umene uli pakati pa njerwazo. Mpata umenewo ndiwo chuma chenicheni chimene anatisiyira, ndipo ndi chimene tinachitaya poyamba pamene tinkayesa kuti tikusunga zonse.

Katundu amene anali ndi moyo tinamupezera manja. Makina osokera a Singer anapita kwa msuweni wathu amene amasoka pakhonde la sitolo ku Kamuzu Road. Anawathira mafuta, nagula lamba watsopano, ndipo chovala choyamba chimene anasoka chinali cha agogo. Masipanala anatsukidwa ndi palafini. Nyale ziwiri za Tilley zinapereka ziwalo zake kuti ziwiri zinazo ziyake. Agogo, amene m'mawa ankati tikutaya amuna awo, madzulo ndiwo ankatchula mayina a oyenera kulandira ichi ndi icho, monga momwe zikanachitikira kalekale pa kumeta. Ndinaona kuti kupatsa sikunawapweteke monga kutaya, ngakhale kuti m'njira zonse ziwiri chinthucho chinkachoka pakhomo.

Zotsalazo zinabweretsa funso lina limene sitinaliyembekeze: kutaya n'kutaya kuti? Anyamata anati makoka akuthawo ndi mabotolo tikaponye m'nyanja usiku, madzi akatenge. Amalume anakana ndi mawu amodzi. Khoka la nayiloni likamira silileka ntchito. Limapitiriza kukola nsomba zimene palibe adzadye. Ndipo nyanja imabweza zimene wapatsa, monga tinaonera mu 2024 pamene madzi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete muno, atasenza zonse zimene anthu ankayesa kuti zinapita. Kusesa pakhomo pako pothira zinyalala pakhomo pa anthu onse si ukhondo. Zitsulo tinagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, ndipo ndalama yake inagula njereza ndi matabwa a mabenchi awiri. Makoka anakatchinga dimba. Mabatire akale a galimoto anakhala masiku ambiri kuseri kwa bafa, aliyense akuwalambalala, kufikira wogula zitsulo yemwe uja anabwera kudzawatenga.

Usiku wa tsiku limenelo ndinalowa kuchipinda kwanga ndi kuyang'ana kunsi kwa bedi. Kuli katoni ya makope anga a kusekondale, mafoni atatu akufa, ndi nsapato zimene ndakhala ndikunena kuti ndidzakonzetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina mdzukulu wanga adzaimirira ndi katoni imeneyi pafupi ndi moto, osadziwa ngati akutentha zinyalala kapena akutentha ine. Ndinaganiza kuti munthu amene amakonda ana ake sayenera kuwasiyira milandu yotere yambirimbiri. Ayenera kusankha yekha akali moyo, kupatsa zopatsa, kutaya zotaya, ndi kunena nkhani ya zochepa zimene wasunga kwa wina amene adzaikumbuke. Ndivomere kuti katoniyo ikadali pomwepo.

Galaja ija tsopano ndi yoyera ndi njereza. Tinaboola zenera kumbali ya kunyanja kuti mphepo izilowa, chifukwa kutentha kwa Salima mu Okutobala sikuchitira chifundo munthu wokhala pansi pa malata. Muli mabenchi awiri, tebulo lowerengerapo, ndi bawo limene amalume anasema. Pakhoma papachikidwa chipewa cha mumgodi ndi nambala ya Datsun, ndipo wailesi ya Nzeru ili pashelefu ngakhale siyankhula. Mapepala aja ali m'nyumba yaikulu, m'chikwama chapulasitiki, pamodzi ndi zikalata za malo. Anawo amalitcha dzina lakale, amati kumphala, ngakhale atsikana ndiwo amafika msanga kudzalanda tebulo. Sindinganene kuti kudoko analekeratu; usipa ukagwa wambiri simungamugwire mnyamata wa kunyanja. Koma masiku ambiri phokoso lawo timalimva kuseri kwa nyumba.

Chinthu chimodzi chokha sichinasunthe. Pakona ya kumanzere pali injini ya bwato ya Yamaha imene inafa malemu akali moyo. Amakaniko awiri anaiona nanena kuti ngakhale zipangizo zake sizingathandize injini ina. Ogula zitsulo anatchula mtengo wabwino. Koma amalume, omwe aja anagamula mlandu wonse mwanzeru, anati injiniyo isakhudzidwe, ndipo sanapereke chifukwa. Mlongo wanga anafuna kutsutsa, koma agogo anamugwira dzanja. Pambuyo pake anatinong'oneza kuti injini imeneyo ndi imene bambo ndi mwana wake anali nayo usiku wina mwera utawapeza kuseri kwa chilumba cha Namalenje, amalume ali ndi zaka 14, ndipo inalira mpaka kuwafikitsa kumtunda.

Motero injiniyo ili pomwepo, ikudya malo amene pakanakhala benchi yachitatu. Ana anaifunditsa chiguduli, ndipo amaikapo makapu a tiyi. Agogo aakazi, amene kwa zaka 15 sanapondemo m'chipindacho, masiku ano amalowa madzulo ena ndi ndodo yawo, n'kukhala pafupi ndi khomo kuonerera bawo. Mlungu wathawu ndinawamva akudzudzula mdzukulu wawo kuti akutakata ngati munthu wothawa ngongole, ndi kuti agogo ake aamuna akanamudya nkhomo zonse asanamalize tiyi. Mnyamatayo anafunsa ngati malemu ankadziwadi bawo. Agogo anasendeza mpando wawo pafupi, nayamba kufotokoza.